Nkhope za pa sitampa: amaikidwapo ndani, ndipo wosankha ndani?

Amene anakulira kunyanja kuno ku Salima mafoni a m'manja asanabwere akudziwa kuti kalata inali ndi mwambo wake. Ukalemba unkaipinda, kuiika mu envulopu, kulemba keyala, kenako n'kupita kupositi ofesi, kaya pa boma kaya pa Chipoka, kukagula sitampa. Unkainyambita n'kuimata pakona, wa papositi n'kuimenya chidindo. Ndi ochepa amene ankataya nthawi kuyang'anitsitsa kapepala kameneko. Koma maboma onse padziko lapansi amakayang'anitsitsa, chifukwa palibe chikalata china cha boma chimene chinkalowa m'nyumba zambiri n'kuwoloka malire ambiri ngati sitampa. Nkhope imene yaikidwapo imakhala itasankhidwa, ndipo kusankhako kumatiuza zambiri za wosankhayo kuposa za wosankhidwayo.

Sitampa yoyamba yomata inatuluka ku Britain mu May 1840. Imadziwika ndi dzina loti Penny Black. Inabwera ndi maganizo a Rowland Hill oti wotumiza kalata ndiye azilipira, pa mtengo umodzi wotsika, m'malo moti wolandira azilipira malinga ndi kutalika kwa ulendo. Anaikapo mutu wa Mfumukazi Victoria, ndipo chifukwa chake sichinali ulemu wokha. Diso la munthu limazindikira msanga nkhope yozolowereka ikapotoka pang'ono, choncho wofuna kusindikiza masitampa achinyengo akanagwidwa mosavuta. Chithunzicho chinachokera pa nkhope ya Victoria ali mtsikana, ndipo pa masitampa a kwawo sanakalambe mpaka pamene anamwalira mu 1901. Kufikira lero Britain salemba dzina la dziko pa sitampa. Mutu wa mfumu ndiwo dzina.

Dziko la America linatenga njira ina. Masitampa ake oyamba, a mu 1847, anali ndi Benjamin Franklin ndi George Washington, onse atamwalira kalekale. Dziko limene linakana mfumu silinafune kuti munthu wamoyo aziyenda pa makalata ngati mfumu. Mu 1866 nyumba ya malamulo inaletsa kuika munthu wamoyo pa ndalama, mkulu wina wa ofesi yosindikiza ndalama, Spencer Clark, atadziika yekha pa ndalama ya pepala ya masenti 5. Zofanana nazo zinali zitachitika mu 1860 ku New Brunswick, dera limene lero lili mu Canada. Mkulu wa positi kumeneko, Charles Connell, atatumidwa kukakonzetsa masitampa atsopano, anabwera ndi sitampa ya masenti 5 yokhala ndi nkhope yake yandevu. Anthu anakwiya, sitampayo sinagulitsidwe, ndipo Connell anatula pansi udindo. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Pamenepa panayambira miyambo iwiri imene ikulimbanabe mpaka pano: kuika wolamulira amene ali pampando, kapena kudikira munthu afe kaye kuti mbiri yake iweruzidwe. Ife tinalandira woyambawo, osafunsidwa.

Positi ya boma inayamba m'dziko muno mu 1891, m'nthawi ya Harry Johnston, ndipo masitampa oyamba anali a kampani ya Cecil Rhodes atadindidwa zilembo zoti B.C.A. Makalata ankayenda pamapewa a amtengatenga, amuna oyenda pansi usana ndi usiku, amene lero amakumbukiridwa pa kanyumba kosungirako mbiri ya positi pa Namaka, pamsewu wa Blantyre kupita ku Zomba. Kenako kunabwera mitu ya mafumu a ku Britain motsatizana: Edward VII, George V, George VI, Elizabeth II. Munthu wakuda anayamba kuonekako, koma wopanda dzina. Pa masitampa a mu 1945 panali mudzi wa asodzi m'mbali mwa nyanja, minda ya tiyi ndi fodya, ndi mutu wa msilikali wa King's African Rifles. Msilikaliyo sanatchulidwe dzina. Iye, msodzi, tiyi ndi fodya, onse anali m'gulu limodzi la zinthu zopezeka m'dziko la Nyasaland, mfumu ikuyang'anira pakona.

Makalata ochokera kunja ankabweretsanso nkhope zawo. Mayi wa ku Senga Bay kapena kwa Maganga amene mwamuna wake anali ku Joni pa Wenela akanatha kulandira kalata yokhala ndi nkhope ya Hendrik Verwoerd, mmisiri wa tsankho, amene South Africa inamuika pa sitampa ataphedwa mu 1966. Wokhala ndi mbale ku Harare kapena ku Bulawayo ankalandira azungu amene boma la Ian Smith linkawatcha otchuka a Rhodesia, kuyambira Leander Starr Jameson mu 1967 ndi Alfred Beit mu 1968. M'katimo muli mawu a chikondi ndi kandalama ka feteleza, kunjaku kuli nkhope ya munthu amene malamulo ake ankachititsa wolembayo kugona m'komponi.

Ndiye sitingadabwe kuti maiko a mu Africa atalandira ufulu, chinthu choyamba chinali kusintha mutu. Ghana inaika Kwame Nkrumah mu March 1957, ngakhale otsutsa ake anadandaula kuti akudzisandutsa mfumu. Zambia inaika Kenneth Kaunda pambali pa mathithi a Victoria mu October 1964. Kwathu kuno masitampa okondwerera ufulu pa 6 July 1964 anali ndi nkhope ya Dr Hastings Kamuzu Banda, ndipo anabweranso pa 6 July 1966 dziko litakhala lipabuliki, kenako pa zikondwerero zina zambiri. Ine sindiona cholakwika pa sitampa ya 1964. Anthu amene kwa zaka zoposa 60 ankanyambita kumsana kwa mafumu achilendo anayenera kuona munthu wakuda, wa dzina, pamalo pomwe panali Mfumukazi. Vuto linabwera pambuyo pake, pamene zinaoneka kuti malowo ndi a munthu mmodzi.

Apa m'pamene sitampa ya John Chilembwe ikufunika kuiyang'ana bwino. Mu 1965 boma linatulutsa masitampa okumbukira zaka 50 za kuukira kwa mu 1915, oonetsa Chilembwe, anthu ake, ndi tchalitchi cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Kunali kutembenuza mbiri kwenikweni. Chilembwe anayamba nkhondo yake pa 23 January 1915, anaphedwa pa 3 February, ndipo atsamunda anagumula tchalitchi chake ndi mabomba pofuna kuti dzina lake lifafanizike. Patapita zaka 50, tchalitchi chomwecho chinali pa makalata opita ku London.

Koma taonani chaka. Mu September 1964 nduna zingapo zinasemphana ndi Dr Banda, zina n'kuchotsedwa, zina n'kusiya zokha. Mu February 1965 Henry Masauko Chipembere anatsogolera gulu lake kukalanda boma la Fort Johnston, lomwe lero ndi Mangochi, ndipo ulendo wawo wopita ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Choncho m'chaka chimodzi chomwecho boma linkasaka oukira amoyo m'mapiri a kum'mawa kwa nyanja, uku likusindikiza nkhope ya woukira wakufa. Palibe kutsutsana pamenepa kwa amene amadziwa ntchito ya sitampa. Chilembwe anali atagona zaka 50, sakanayankha, sakanapikisana ndi wina pa mpando, ndipo nkhani yake inali yosavuta kuikonza kuti ioneke ngati chiyambi cha ulendo umene Ngwazi Dr Banda anamaliza. Chipembere, Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Yatuta Chisiza ndi Rose Chibambo, amene anamenya nawo nkhondo yothetsa chitaganya, m'nthawi ya chipani chimodzi maina awo sankatchulidwa n'komwe pagulu, nanji kusindikizidwa.

Munthu wina amene positi ya Malawi inamulemekeza ndi David Livingstone, amene anafika pa nyanja ino mu September 1859 ndipo mu 1861 anayenda pa bwato m'mbali mwa gombe la kumadzulo, lomwe ndi lathu lino. Dzina lake tili nalo pafupi, pa hotela ya Livingstonia Beach ku Senga Bay. Anali ataoneka kale pa sitampa ya chitaganya mu 1955, pokumbukira zaka 100 chionereni mathithi a Victoria. Chaka chodabwitsa ndi 1973, zaka 100 chimwalirireni. Britain inamuika pa sitampa ngati mmodzi wa ofufuza maiko. Rhodesia ya Smith inamuika m'ndandanda umodzi ndi Jameson. Zambia ya Kaunda, mdani wa Smith, inamuikanso. Malawi inatulutsa masitampa ake kawiri m'chaka chimenecho, kachiwiri ikuonetsa zenera la magalasi amitundumitundu la m'tchalitchi cha ku Livingstonia. Maboma anayi osagwirizana, munthu mmodzi. Kwa ena anali wotsegulira azungu njira, kwa ena wodana ndi malonda a akapolo, kwa ena mmishonale. Nkhope ya pa sitampa silankhula, ndiye aliyense amaiikira mawu ake. Ndipo kwa ife pali mfundo ina yoluma: minda ya ku Magomero imene anthu a Chilembwe anaithira nkhondo inali ya banja la A. L. Bruce, mdzukulu wa Livingstone yemweyo.

Pa zenera lija Livingstone sali yekha, ali ndi anthu akuda awiri oyenda naye. Atamwalira pa 1 May 1873 kwa Chitambo, m'dera la Ilala ku Zambia, anali James Chuma, Abdullah Susi ndi anzawo amene anakwirira mtima wake pansi pa mtengo, kuumitsa thupi, n'kulinyamula mpaka ku Bagamoyo, kumene anafika mu February 1874. Chuma anali Myao amene anamasulidwa kwa ogula akapolo mu 1861 m'dziko lomwe lino. Popanda iwowa sipakanakhala manda a ku Westminster Abbey, ndipo mwina nthano ya Livingstone sikanakula chonchi. Koma chaka chokumbukiridwa chinali cha munthu mmodzi.

Kwa ife a kunyanja, anthu ena analowa pa sitampa kudzera pa sitima. Mu 1967 positi inatulutsa masitampa a sitima zakale za pa nyanja ya Malawi, ndipo mu 1975 inatulutsa ena. Pa onse awiri panali Ilala ndi Chauncy Maples. Ilala, imene ambiri kuno anaikwerera pa Chipoka, inatchulidwa dera lija anafera Livingstone; yoyamba inafika pa nyanja mu 1875, yachiwiri inayamba ntchito mu 1951. Chauncy Maples ambiri amangodziwa kuti ndi sitima, koma anali munthu, mmishonale wa mpingo wa Anglican amene anagwira ntchito ku Likoma. Anadzozedwa ubishopu ku London mu June 1895, ndipo pobwerera, pa 2 September chaka chomwecho, bwato lake linagubuduzika ndi namondwe usiku pa ulendo wochoka kum'mwera kwa nyanja kulowera ku Nkhotakota, njira imene imadutsa pagombe la Salima. Iye ndi mnzake Joseph Williams anamira, amalinyero anasambira n'kupulumuka. Manda ake ali m'tchalitchi ku Nkhotakota. Sitima ya dzina lake inapangidwa ku Glasgow, inabwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, amuna mazanamazana n'kuzinyamula pamutu ndi kuzikoka kulambalala mathithi, ndipo inayamba kuyandama mu 1901. Ulemu wamtunduwu ndi wokhalitsa kuposa wa nkhope, chifukwa boma latsopano likabwera silikhala ndi chifukwa chodana ndi sitima.

Nkhope ndiye zimadedwa. Mfumu Farouk ya ku Egypt itachotsedwa, masitampa otsala sanatayidwe: mu 1953 anangodinda mizere itatu yakuda pankhope pake n'kupitiriza kugulitsa. Ku Germany mu 1945 mapositi ambiri anapaka inki pamutu wa Hitler. Ku Iran mu 1979 anachita chimodzimodzi ndi Shah. Zimachitikanso motembenuza. Britain, imene inatsekera Mahatma Gandhi m'ndende kangapo, inamuika pa sitampa yake mu 1969, pokumbukira zaka 100 chibadwireni. Ku South Africa chithunzi cha Nelson Mandela chinali choletsedwa kusindikiza ali m'ndende, koma pa 10 May 1994, tsiku lomulumbiritsa, positi ya boma lomwelo inagulitsa sitampa ya nkhope yake. Gandhi wa 1969 ndi yemwe uja wa 1930, Mandela wa 1994 ndi yemwe uja wa ku Robben Island. Chimene chinasintha ndi wogwira makina osindikizira.

Ngakhale maiko amene amadzitama kuti amasankha mwachilungamo amachedwa pamene afuna kuchedwa. America inadikira mpaka 1940 kuti iike munthu wakuda, Booker T. Washington, ndi mpaka 1978 kuti iike mayi wakuda, Harriet Tubman. Ku Britain munthu woyamba wosakhala wa banja lachifumu kulemekezedwa ndi nkhope yake anali William Shakespeare, mu 1964, patapita zaka 124 chiyambireni masitampa.

Pali chinanso chimene chimasankha nkhope masiku ano, ndicho ndalama. Sitampa imene wosonkhanitsa masitampa wagula n'kuisunga m'buku ndi phindu lokhalokha kwa positi, chifukwa palibe kalata yoti inyamulidwe. Mu 1992 positi ya America inafunsa anthu kuti asankhe pakati pa Elvis Presley wachinyamata ndi Elvis wachikulire; mavoti anaposa miliyoni imodzi, wachinyamata anapambana, ndipo sitampayo itatuluka mu January 1993 anthu ochuluka anaigula osaimata pa kalata. Maiko ang'onoang'ono anaona mwayi. Ambiri a mu Africa ndi ku Caribbean anapereka mphamvu zosindikiza masitampa awo kwa makampani akunja, monga Inter-Governmental Philatelic Corporation ya ku New York ndi Stamperija ya ku Lithuania. N'chifukwa chake mumapeza masitampa a Mozambique, Guinea-Bissau kapena Sierra Leone okhala ndi oimba, osewera mafilimu ndi akatswiri a mpira amene sanapondepo m'maikowo, ndipo masitampawo munthu wa ku Lichinga kapena ku Tete sangawapeze pa kauntala ya positi ya kwawo. Kuseri kwa amenewa kuli akuba enieni, osindikiza timapepala tolembedwa dzina la dziko popanda chilolezo cha aliyense. Dzina la Malawi nalo lagwiritsidwapo ntchito motero, ndipo pa intaneti mungapeze timapepala tolembedwa Malawi tokhala ndi anthu otchuka akunja, tomwe mabuku odalirika a masitampa salemba. Bungwe la Universal Postal Union linayambitsa mu 2002 ndondomeko yopatsa nambala sitampa iliyonse yovomerezeka pofuna kuthana ndi mchitidwewu.

Tikayerekeza ndi zimenezi, positi ya Malawi ya zaka za m'ma 1960 mpaka 1990 inali yodziletsa. Kupatula Dr Banda ndi anthu ochepa aja, inkakonda mbalame, agulugufe, maluwa, mitengo, zojambula za Khirisimasi, ndi nsomba. Nsomba za m'nyanja ino zinaoneka mu 1967, mu 1977, ndipo mu 1984 zinadzaza masitampa a tsiku ndi tsiku, chaka chomwe UNESCO inavomereza malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe zilumba za Maleri kuno ku Salima zili mbali yake. Mbuna za m'matanthwe athu zayenda pa makalata kuposa nduna iliyonse imene dziko lino linakhalapo nayo. Masitampawo ndi okongola, ndipo osonkhanitsa akunja amawakonda. Koma ndikukhulupirira kuti kukonda chilengedwe sikunali chifukwa chokhacho. M'dziko limene munthu wotamandidwa chaka chino ankatha kupezeka kundende ya Mikuyu chaka chamawa, wokonza masitampa anali wotetezeka ndi chambo kuposa ndi munthu.

Kodi kuika munthu pa sitampa kuli ndi phindu lenileni? Ena amati n'zachabe, poti palibe amene anaphunzira mbiri pa kapepala kochepa ngati chikhadabo. Ine ndimaona mosiyana pang'ono. Sitampa siphunzitsa, koma imavomereza. Mwana amene waona Chilembwe pa kalata ya bambo ake amadziwa kuti dzina limeneli ndi lololedwa kutchula, ndipo akafunsa, akuluakulu sachita mantha kuyankha. M'dziko limene maina ena ankanong'onezedwa, chilolezo chimenecho sichinali chaching'ono. Kuipa kwake n'koti amene sanaikidwe amaoneka ngati sanachite kanthu. Aphunzitsi, anamwino, oimba, olemba mabuku a Chichewa, abusa oyamba achikuda monga Leonard Kamungu wa ku Chia, amene anapita kukalalikira ku Msoro ku Zambia n'kukafera komweko mu 1913, onsewa ndi anthu a mtundu umene maiko ena amaika pa masitampa chaka ndi chaka.

Lero makalata achepa. Uthenga umapita pa WhatsApp, ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo bungwe la Malawi Posts Corporation likupeza zochita zina. Ntchito yonyamula nkhope yasamukira pa ndalama za pepala, zimene msodzi aliyense pa doko ndi mayi aliyense wogulitsa usipa amagwira tsiku ndi tsiku. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, nkhope ya Bakili Muluzi inalowa pa ndalama, ndipo mu 1997 inayamba kulowedwa m'malo ndi ya Chilembwe. Mu 2012 Reserve Bank of Malawi inatsegula chitseko kwambiri: Inkosi ya Makhosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi ya Makhosi Gomani II pa K50, James Frederick Sangala, mmodzi wa oyambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500 ndi Dr Banda pa K1,000. Mayi Chibambo, amene anathawira ku Zambia pambuyo pa mkangano wa nduna uja ndipo anakhala kunja zaka pafupifupi 30, anaona nkhope yawo pa ndalama adakali moyo. Anamwalira mu January 2016. Uku kunali kubweza ngongole imene masitampa a m'nthawi ya Kamuzu sakanabweza.

Koma ndalama ili ndi vuto lake: mitengo ya zinthu ikakwera, ulemu umatsika nawo. K20 ndi K50 masiku ano sizigula kanthu pamsika wa Kamuzu Road, ndipo mafumu awiri aja amangokhala pansi pa chikwama. Pamene panafunika ndalama zazikulu, mwayi unalipo woikapo anthu atsopano. K2,000 ya mu 2016 inapita kwa Chilembwe, K5,000 ya mu 2022 kwa Dr Banda. Pa mapepala asanu ndi atatu pali anthu asanu ndi mmodzi, ndipo anayi apamwamba onse agawana amuna awiri, omwe aja a pa masitampa a 1964 ndi 1965.